"Mtengo wagwa": mbiri ya chimene khutu limawerenga

Mnzanga wogulitsa chimanga atanditumizira uthenga pa foni kuti "mtengo wagwa", ndinaganiza za mango a pakhomo pawo, pomwe iye ankadandaula za malonda. Akanandiuza pakamwa sindikanasokonezeka, chifukwa potchula mtengo wa m'thengo mawu amakwera pa "te", koma pa mtengo wa pamsika amangoyenda pansi. Nanga kukwerako n'chiyani kwenikweni? Yankho lake linayambira pa nsambo za zoimbira.

Mu 1636 wansembe wa ku France, Marin Mersenne, anasindikiza buku lotchedwa Harmonie universelle. Iye anakunga nsambo yaitali kwambiri, yonjenjemera pang'onopang'ono moti ankatha kuwerenga ndi maso. Anasonyeza kuti nsambo ikafupika kapena ikakungika kwambiri imanjenjemera mofulumira, ndipo kulira kwake kumakwera. Woimba bangwe amazidziwa izi ndi zala, koma Mersenne anaziika m'manambala.

Funso lina linatsala: kunjenjemerako kumafika bwanji m'khutu? Mu 1660 Robert Boyle wa ku Oxford anafalitsa zimene anapeza atatsekera wotchi m'chibotolo chagalasi n'kupopamo mpweya. Mpweya utachepa, kugunda kwa wotchiyo kunazilala. Ndiye kuti mawu amafuna choyendamo.

Lero timati mawu ndi mafunde, koma liwuli limatha kusocheretsa. Mpweya wa m'kamwa mwanga suuluka kukalowa m'khutu mwanu ayi. Umangokankha mpweya woyandikana nawo, uwonso n'kukankha wina, monga mphepo ikawomba m'munda: funde limadutsa, chimanga chili pomwepo. Kukankhanako kumayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, n'chifukwa chake bingu la pa mtunda wa kilomita imodzi timalimva patapita masekondi atatu tionere ching'aning'ani.

Pakhosi pathu palinso ngati nsambo ziwiri. Mwamuna akamayankhula zimanjenjemera maulendo pafupifupi 120 pa sekondi, mkazi kupitirira 200. Muyeso wake ndi hertz, dzina lochokera kwa Heinrich Hertz wa ku Germany. Choncho pa "te" wa mtengo wa m'thengo, nsambozo zimangofulumirako pang'ono kuposa pa maphatikizo oyandikana nawo, basi. Khutu la Mchewa limawerenga kusiyanako mosaphunzitsidwa.

Kalembedwe kathu sikasonyeza zimenezi. Mu 1937 Mark Hanna Watkins anatulutsa galamala ya Chichewa atamvetsera mawu a Kamuzu Banda ku Chicago, ndipo chida chake chachikulu chinali khutu. Ine lero ndimajambula mawu pa foni, n'kuwaika pa kompyuta mu pulogalamu ya Praat, mzere wa kukwera ndi kutsika n'kuonekera. Sabata yatha ndinajambula mnzanga uja akutchula mitengo iwiriyo. Ataona mizere iwiri yosiyana anaseka, amvekere: "Ndiye bwanji sitilemba choncho?" Funso limenelo ndaliika m'mutu woyamba wa kafukufuku wanga.