Tsiku la Matanga pa Doko la Cork

Omvera amene anakulira m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti bwato ndi chida cha ntchito. Msodzi akalikankhira m'madzi ndiye kuti akukafuna ndiwo za ana ake kapena ndalama ya msonkho. Koma kunja kuno kuli anthu amene amakweza matanga opanda khoka kapena katundu m'ngalawa zawo, nayenda mondondozana m'mbali mwa gombe tsiku lathunthu, cholinga chawo chili kupitidwa mphepo basi. Mwambo umenewu uli ndi chiyambi chake, ndipo nkhani ya lero ikutengera omvera ku doko la Cork, kummwera kwa dziko la Ireland, kumene kalabu ya anthu otere inakhazikitsidwa m'chaka cha 1720.

Oyamba kutchuka ndi ngalawa za chisangalalo anali anthu a ku Holland. Mfumu Charles II ya ku England inakhalako m'dziko limenelo pa nthawi imene inali yothawa kwawo, ndipo itabwerera pa mpando wake m'chaka cha 1660, Adatchi anaipatsa mphatso ya ngalawa yotchedwa Mary. Chaka chotsatira mfumuyo inapikisana ndi mng'ono wake James pa mtsinje wa Thames, kuchokera ku Greenwich kukafika ku Gravesend ndi kubwerako, atabetcherana mapaundi 100. Chimene yakonda mfumu nduna sizichedwa kuchikondanso, chotero masewerawa anafalikira pakati pa olemera mpaka anaoloka kukafika ku Ireland.

Doko la Cork ndi lalikulu, lotetezeka ku namondwe, ndipo m'kati mwake muli zilumba zingapo. Pa chimodzi mwa izo, chotchedwa Haulbowline, panali linga lakale, ndipo m'menemo ndi mmene kalabuyo inkakumana. Dzina lake linali Water Club, ndipo mbiri yake imatchula William O'Brien, mwini minda wa udindo wa Earl wa Inchiquin, kuti ndiye anaitsogolera poyamba. Mamembala sankaloledwa kupitirira 25.

Tsiku lotuluka silinkasankhidwa mwachisawawa. Nyanja yamchere imasiyana ndi Nyanja ya Malawi chifukwa madzi ake amasefukira ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo amatero mwamphamvu kwambiri mwezi ukangooneka kumene ndiponso ukakhala wathunthu. Malamulo a kalabuyo ankati ngalawa zizituluka pa nthawi zimenezi, ndiye kuti kamodzi pa masabata awiri alionse, kuyambira Epulo kufikira Sepitembala, miyezi imene ku Ireland kumafunda.

M'mawa wa tsikulo ngalawa zinkasonkhana pa malo opangana madzi akayamba kuphwera, kuti mkokomo wake uzithandize kutuluka. Patsogolo pankakhala ngalawa ya mtsogoleri, amene ankamutcha Admiral monga mkulu wa zombo za nkhondo, ndipo palibe amene ankaloledwa kumupitirira. Ngalawa imene sinaoneke pofika nthawi imene mtsogoleriyo wafika pafupi ndi linga la pa chilumba cha Spike inkalipa hafukoloni, ndalama ija achikulire akuikumbukira, ya masheleni awiri ndi sikisipensi. Ndalamayo inkagula onga, pakuti malamulo onse a pamadzi ankaperekedwa ndi mbendera ndi mizinga. Mtsogoleri akakweza mbendera ya Adatchi nawomba mizinga, ngalawa zonse zinkaliyatsa liwiro, monga ana othamangitsa gulugufe. Wina akadwala chifukwa cha mafunde, mwini ngalawa ankapereka chizindikiro nalandira chilolezo chokamutsitsa kumtunda.

Dzuwa likapendeka onse ankabwerera kukadya pamodzi. Apanso panali malamulo. Mtsogoleri sankaloledwa kubweretsa mbale za nyama zoposa ziwiri kapena mabotolo a vinyo oposa 24, pokhapokha ngati oweruza milandu aitanidwa. Kuvala tsitsi lalitali lochita kugula, kapena malaya a manja otambalala, kunali koletsedwa. Munthu woyambitsa nkhani za matanga chakudya chitatha ankalangidwa pomwetsedwa tambula yodzaza. Malamulo otere amasonyeza anthu amene vuto lawo linali kuchuluka kwa chakudya ndi zakumwa. M'chaka cha 1738 mmisiri wojambula wotchedwa Peter Monamy anajambula ngalawazo zikuyenda mondondozana, mbendera zili petupetu, ndipo zithunzi zakezo zilipobe.

Tsono funso limene mbiri iyenera kufunsa nlakuti, kodi amene ankaonerera ali kumtunda anali yani? Anthu ambiri a ku Ireland anali Akatolika, ndipo malamulo a nthawi imeneyo ankawaletsa kulowa m'nyumba ya malamulo, kugula malo, ngakhale kukhala ndi kavalo wa mtengo woposa mapaundi 5. Ankalima minda ya eni ake a nthaka nalipira lendi. Chuma cha mzinda wa Cork chinkachokera ku nyama ya ng'ombe yothira mchere ndi batala, zimene zinkapakiridwa m'migolo kupita ku zombo za nkhondo ndi ku zilumba za West Indies, kumene akapolo ochokera ku Africa ankalima nzimbe. Patangopita zaka ziwiri Monamy atajambula zithunzi zake, chisanu choopsa chinaononga mbewu, ndipo njala ya mu 1740 ndi 1741 inapha anthu zikwi mazanamazana. Doko linali limodzi, koma ena ankaliona ngati bwalo la masewera pamene ena ankaona chakudya chikutulukirapo iwo ali ndi njala.

Itadutsa 1765 kalabuyo inazilala, ndipo inadzatsitsimuka m'chaka cha 1806. Mu 1831 Mfumu William IV inailola kutchedwa ya chifumu, nikhala Royal Cork Yacht Club. Koma tsoka lalikulu linali lisanafike. Alimi osauka ankadalira mbatata ya kachewere, ija ambiri amaitcha mbatatesi, ndipo mu 1845 matenda anagwira mbewuyo nibvunda m'nthaka. Pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa, ndipo enanso ochuluka chomwecho anali atathawa m'dzikomo. Chilumba cha Spike, pamene ochedwa ankalipira hafukoloni, chinasanduka ndende mu 1847, ndipo akaidi ambiri ankadikira pamenepo zombo zowatengera ku maiko akutali.

M'chaka cha 1854 kalabuyo inamanga nyumba yake yokongola pa gombe la tauni ya Cobh, imene panthawiyo inkatchedwa Queenstown chifukwa Mfumukazi Victoria anafikapo mu 1849. Pa gombe lomwelo ndi pamene anthu osamuka ankakwerera zombo. Mwa anthu 6 miliyoni amene anachoka ku Ireland pakati pa 1848 ndi 1950, pafupifupi 2.5 miliyoni anatulukira pa tauni imeneyi. Mmodzi wa iwo anali mtsikana Annie Moore, amene ananyamuka ndi alongo ake awiri mu Disembala 1891, nakhala munthu woyamba kulembedwa pa malo olandirira alendo a Ellis Island ku New York pa 1 Januwale 1892. Pa 11 Epulo 1912 chombo cha Titanic chinaponya nangula pa dokoli kutenga anthu 123, ndipo limeneli linali doko lake lotsiriza chisanamire.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ndipo ulamuliro wa eni minda aja unathadi. Mu 1922 mbali yaikulu ya Ireland inayamba kudzilamulira. Mu 1966 kalabuyo inaphatikizana ndi inzake ya Royal Munster nisamukira ku Crosshaven, pafupi ndi khomo la doko. Ngalawa zing'onozing'ono zotsika mtengo zitayamba kupangidwa, ana a anthu wamba nawonso anayamba kuphunzira kugwira chiongolero ndi kuwerenga mphepo. Mu 2020 kalabuyo inakwanitsa zaka 300, ndipo imawerengedwa kuti ndiyo yakale kwambiri mwa makalabu otere pa dziko lapansi.

Chilumba cha Haulbowline tsopano ndi likulu la asilikali a pamadzi a dziko la Ireland. Ndende ya pa Spike inatsekedwa mu 2004, ndipo alendo amapitako kukaona zakale. M'miyezi yofunda ngalawa zimatulukabe mondondozana, matanga ali mbuu, kukazungulira magombe ndi kubwerako madzulo. Zikamadutsa pa Cobh zimalambalala chifanizo cha mkuwa cha Annie Moore ndi alongo ake, chimene chinaimikidwa pa gombelo mu 1993, kukumbutsa onse oyenda pamadzi amenewo za anthu amene anatulukira pa khomo lomwelo osabwereranso.