Nyumba Imene Livingstone Anabadwiramo Inali ya Yani?

Abale, tonse tidziwa kuti mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina lace ku mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira pa 19 March 1813. Koma ndi ocepa amene afunsa kuti nyumba anabadwiramoyo inali ya yani. Ife titafufuza tinapeza kuti inali komboni ya kampani, yosasiyana kwenikweni ndi zimene tigonamo kuno.

Dzina lace ndi Shuttle Row, ndipo iri m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mailosi ngati 8 kucokera ku Glasgow. Munkakhala mabanja 24, banja liri lonse cipinda cimodzi: kuphika momwemo, kugona momwemo, makolo pamodzi ndi ana.

Kupeza eni ace sikubvuta. Mu 1785 David Dale, wamalonda wa ku Glasgow, anamanga pamenepo fakitale yopota thonje, makina ace oyendera mphamvu ya madzi, namanganso nyumba za anchito. Mu 1792 malowo anapita m'manja mwa James Monteith, ndipo iye atamwalira anatsalira mbale wace Henry Monteith, amene anakhala mkuru wa mzinda wa Glasgow kawiri, nalowanso m'nyumba ya malamulo ku London. Thonje lambiri lopotedwa ku Scotland masiku amenewo linkalimidwa ndi akapolo ku America ndi ku West Indies. Tsono taonani: mwana amene anadzalimbana ndi ukapolo kwathu ku Nyanja anayamba nchito ali ndi zaka 10, kulumikiza ulusi woduka m'fakitale yotere, kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ndiye kupita ku sukulu.

Maina a eniwo asungika cifukwa ku Scotland kuli kaundula wa malo wochedwa Register of Sasines, woyambira mu 1617, wosungidwa ku Edinburgh. Malo akasintha manja, alembamo wogulitsa ndi wogula. Koma wolipira lendi mulibe. Kalembera wa boma woyamba kulemba dzina la munthu ali yense anacitika mu 1841, Livingstone atakwera kale sitima ya ku Africa mu December 1840. Mabuku a msonkho wa nyumba, ochula mwini ndi wokhalamo, anayamba mu 1855, ndipo ngakhale m'menemo osauka ambiri a lendi yaing'ono anadumphidwa. Wofuna anthu a m'zipinda zinazo ayenera kutsegula mabuku a ubatizo ndi a ukwati a mpingo, pakuti mpingo unkalemba mmphawi ndi wolemera pa tsamba limodzi. Akalaliki adziwa mmene ziyendera zimenezi: bukhu la kampani lisunga bwino za katundu koposa za munthu.

Mmodzi wa a m'komboniyo mbiri yace tiidziwa bwino, ndiye Neil, agogo ace a David. Iwo anali mchona ngati ife. Anacoka pa cisumbu ca Ulva mu 1792 cifukwa munda sunathenso kudyetsa banja, nafika ku Blantyre cilankhulo cao ciri Gaelic. A Monteith anawakhulupirira kotero kuti ankawatuma kunyamula ndalama zambiri kucokera ku Glasgow kupita ku fakitale, ndipo atakalamba anawapatsa penshoni. Izi sitizitenga m'kaundula wa boma ai, koma m'bukhu la maulendo limene mdzukulu wao anasindikiza mu 1857.

Kampaniyo inagwa mu 1904, ndipo nyumba za anchito zinayamba kuonongeka, zambiri nizigumulidwa. Shuttle Row nayonso ikadagwetsedwa, koma anthu anasonkha ndalama, ena a iwo ana a Sande Sukulu ndi timakobiri tao, naigula. Mu 1929 Duchess of York, amene pambuyo pace anadzakhala mai wa Mfumukazi Elizabeth, anaitsegula kuti ikhale nyumba ya cikumbutso. Anaikonzanso naitsegula kaciwiri mu 2021, ndipo tsopano alendo auzidwanso za akapolo amene ankalima thonje lija.