Galimoto ya salveji

Galimoto ya salveji ndi galimoto imene inaonongeka pangozi, pamoto kapena m'madzi mpaka kampani ya inshulansi kuona kuti kuikonza n'kodula kuposa mtengo wake, kenako n'kuigulitsa motchipa italipira mwiniwake.

Ku America zimenezi zimalembedwa pa chikalata cha umwini, salvage title. Ku Britain, kuyambira 2017, galimoto zotere zili m'magulu A, B, S ndi N: za A ndi B sizibwereranso pamsewu, S ndi yoonongeka chasisi koma yotheka kukonzedwa, N ndi yoonongeka zina. M'misika ya okushoni ku Japan, yokonzedwa itachita ngozi imapatsidwa chilembo R. Ku South Africa yomangidwanso imatchedwa Code 3.

Zambiri zobwera m'Malawi zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zina zimadzera ku Durban ndi Mwanza. Msonkho umalipidwa ku MRA. Mwachitsanzo, ogula a ku Chiradzulu, kumene nambala zake zimayamba ndi CZ, amalembetsa ku Road Traffic ku Blantyre, komwe kumaperekedwa blue book ndi COF.

Pogula, galimoto za salveji zaliwiro monga Subaru Impreza WRX ndi Mazda RX-8 zimafunika kuunikidwa mosamala. Chasisi chopindika chimadyetsa matayala mbali imodzi ndipo galimoto imakokera kumbali. Ma airbag amene anaphulika nthawi zina sabwezeretsedwa. Makaniko amayang'ana zowotcherera pansi pa kapeti, penti wosiyana, zitseko zosatsekeka bwino ndi dzimbiri m'mawaya. Nambala ya chasisi iyenera kufanana ndi ya pamapepala.