Thandizo lafika, koma lafika pati?

Chivomezi chikagwetsa nyumba, wailesi sizichedwa kulengeza kuti thandizo lafika. Amene amagwira ntchito yonyamula thandizolo amayamba afunsa kaye: lafika pati? Mawu ambiri a ntchito yawo amayankha funso limeneli.

Pa 25 Epulo 2015 chivomezi cha mphamvu ya 7.8 chinapha anthu pafupifupi 9,000 ku Nepal. Ndege zakunja zinkatera pabwalo limodzi lokha, la Tribhuvan ku Kathmandu, lomwe lili ndi msewu umodzi woterapo. Malo otere amawatcha bottleneck, khosi la botolo: katundu achuluke chotani, adutsa pang'onopang'ono basi. Msewuwo utayamba kukumbika, boma linaletsa ndege zolemera kuposa matani 196.

Katundu amene akadali m'njira amati ali mu pipeline. Walonjezedwa, mwina wagulidwa kale, koma palibe wamudya kapena kumufunda. Akatsitsidwa amapita ku staging area, kumene amamuwerenga, kumusanja ndi kumupakira m'malole. Mwamwayi, bungwe loona za chakudya padziko lonse la WFP linali litatsegula malo oterewa pafupi ndi bwaloli kutangotsala mwezi umodzi kuti chivomezicho chichitike.

Koma mawu amene amandigwira mtima ndi last mile, chigawo chomaliza cha ulendo. Dzinali limamveka ngati kamtunda kakafupi, pomwe m'mapiri a Gorkha ndi Sindhupalchok unali ulendo wa masiku. Zigumukire zinatseka misewu, ndege za helikopita zinali zochepa, ndipo mvula ya mu Juni inali pakhomo. Mabungwe othandiza anachita kulemba ganyu amtengatenga amene masiku onse amanyamulira katundu alendo okwera mapiri. Munthu ankabereka thumba la mpunga, lamba wake atamukoleka pamphumi, n'kumakwera tinjira tomwe anayamba atikonza ndi manja. Kwina ankasenzetsa nyulu. Kwa ine thandizo limayenera kuwerengedwa pamenepa, mayi akalandira lona wofolera pogona ana ake, osati ndege ikatera.

Palinso katundu amene amamutcha ngozi yachiwiri: zovala zakutha, mankhwala otha mphamvu, makatoni osalembedwa zomwe zili m'kati, zotumizidwa popanda wozipempha. Zoterezi zimadzaza nyumba zosungiramo katundu n'kutsekereza malona, chakudya ndi mankhwala oyeretsera madzi. Inu amene mtima umakuwawani mukamva za chivomezi, musanamange katoni yambani mwafunsa chimene chikufunika. Ngati n'kotheka, tumizani ndalama.