Mkodzo Sunama

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tisiye kaye mbiri ya mafumu ndi nkhondo. Tikambe za mboni ina imene olemba mbiri ambiri sailabadira: mkodzo. Musaseke ayi, nkhani yake ndi ya maliro.

Mu 1971 pulezidenti Richard Nixon analamula kuti asilikali a America amene anali ku Vietnam aziyezedwa mkodzo asanakwere ndege yobwerera kwawo, poti heroin inali itafala m'misasa. Mu 1986 Ronald Reagan anabweretsa kuyezako kwa ogwira ntchito m'boma. Cholinga chinali kugwira olakwa, koma mabotolo aja atachuluka m'zipatala ndi m'malabotale, anayamba kufotokoza mbiri ya dziko lonse.

Mbiriyo ili motere. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa OxyContin, mapiritsi opha ululu a m'gulu la opioid. Madokotala anawalemba mowolowa manja, anthu n'kukodwa. Cha m'ma 2010 mapiritsi atayamba kuvuta kupeza, ambiri anathawira ku heroin. Kuyambira 2013 kunabwera fentanyl wopangidwa mobisa, amene mphamvu yake imaposa heroin pafupifupi ka 50. Pofika 2021 anthu omwalira ndi mankhwala osokoneza bongo ku America anapitirira 100,000 pa chaka.

Nanga mkodzo ukuti chiyani? Labotale ya Millennium Health ya ku San Diego, imene imayeza odwala ambirimbiri, inaona heroin ndi mapiritsi aja zikuchepa mwa anthu opezeka ndi fentanyl, pamene methamphetamine ndi cocaine, mankhwala othamangitsa mtima ndi kuchotsa tulo, zikuchuluka. Mu 2023 oposa theka la opezeka ndi fentanyl analinso ndi methamphetamine. Apa ndiye pali vuto, chifukwa naloxone, mankhwala odzutsa munthu amene wakomoka ndi opioid, sathetsa mphamvu ya enawa.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangowafunsa anthuwo? Eya, ena amabisa chifukwa cha manyazi, koma ambiri sadziwa n'komwe chimene anagula. Woimba Prince anamwalira mu 2016 ndi fentanyl amene anali m'mapiritsi achinyengo ooneka ngati a ku famase. Munthu akhoza kulumbira moona mtima kuti anamwa chakuti, thupi lake n'kumutsutsa.

Chiwerengero cha omwalira chimatuluka patapita miyezi, maliro atayikidwa kale. Mkodzo umayankhula mwini wake akadali moyo, dokotala akadali ndi mpata womupulumutsa.