ATS: Chosinthira Magetsi cha Jenereta

ATS ndi bokosi lomwe limakhala pakati pa magetsi a ESCOM ndi jenereta. Magetsi akathima, limadikira masekondi angapo, limalamula jenereta kuti ilire, ndipo mphamvu ikakhazikika pa 230 V ndi 50 Hz limasamutsira nyumba yonse ku jeneretayo. Ntchito ya ATS inaonekera kwambiri m'zipatala ndi m'mabanki mu 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira.

Jenereta ikapanda kulira, amisiri amayamba ndi batire, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Kenako amaona ngati swichi ili pa AUTO, popeza wina akhoza kuisiya pa OFF atatha kusintha oyilo. Zikakhala bwino, amayesa mawaya awiri otumiza lamulo loliza injini, omwe makoswe amakonda kutafuna.

Jenereta ikalira koma m'nyumba mukadali mdima, kawirikawiri breka yake yagwa, fyuzi yapsa, kapena koyilo yokoka kontakitala yafa. Injini yothamanga mosakwanira imatsitsanso 50 Hz ija, ndipo ATS imakana magetsi otere. Magetsi a ESCOM akabwera koma ATS osabwerera, pangakhale kuti magetsiwo ndi a magawo atatu ndipo gawo limodzi lasowa. Jenereta kupitiriza kulira mphindi zochepa ATS itabwerera ku magetsi a ESCOM si vuto: injini ikuzizira.

M'bokosimo mumalowa magetsi ochokera mbali ziwiri, choncho mmisiri amazimitsa zonse asanakhudze kanthu. Loko yoletsa mbali ziwirizi kukumana sachotsa, chifukwa magetsi a jenereta akabwerera m'mawaya a panja akhoza kupha wokonza pa pholo.