Lusalite ndi matailosi akale: chenjerani ndi fumbi la asibesitosi pokonza nyumba

Fodya akagulidwa ku Macanga, mbatatesi ikatuluka m'minda ya ku Tsangano ndi ku Ntengo-Wambalame, mabanja ambiri amatembenukira ku nyumba. Wina asasula denga, wina afuna kuyala kapeti kapena matailosi atsopano pabalaza. Ngati nyumbayo ndi yakale, monga masitolo a nthawi ya Apwitikizi kapena nyumba zakale za ogwira ntchito m'boma, yambani mwadziwa za asibesitosi, amene pa Chipwitikizi amatchedwa amianto.

Asibesitosi ndi mwala wokumbidwa pansi womwe umanyenyeka n'kukhala timaulusi tating'ono kwambiri. Sapsa ndi moto ndipo sawola. N'chifukwa chake ankamusakaniza ndi simenti popanga mapaipi, matanki a madzi ndi malata otuwa olemera aja timati lusalite, dzina lochokera ku kampani yomwe inali ndi fakitale ku Dondo, m'chigawo cha Sofala. Ankamuikanso m'matailosi apulasitiki oyala pansi ndi m'guluu wakuda wowamatira.

Boma la Mozambique linaletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito asibesitosi mu 2010, kudzera mu lamulo la Decreto 55/2010. South Africa inali italetsa kale mu 2008. Koma lamulo silinasasule madenga amene analipo kale. Namondwe wa Idai ataomba ku Beira mu Malichi 2019, zidutswa za lusalite zinali mbwee pakati pa zigumukire za nyumba.

Choopsa chili m'fumbi

Tailosi kapena lata lomwe lili bwinobwino ndipo silikugwidwagwidwa silitulutsa fumbi lochuluka. Vuto limayamba mukaswa, kuboola, kudula kapena kukhula. Timaulusi timauluka osaoneka, timalowa m'mapapo ndipo timakhalamo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa. Pali khansa ya m'mapapo, ya pakholingo, ndi ina yotchedwa mesothelioma yomwe imagwira kachikopa kokuta mapapo. Palinso nthenda youmitsa mapapo, yomwe imachititsa munthu kubanika ngakhale pokwera kamtunda kochepa.

Matendawa sabwera msanga. Pamatha zaka 20, 30 kapena 40, moti mwana amene akuonerera bambo ake akudula lusalite lero angadzadwale ali ndi banja lake. Wosuta ndudu kapena chingambwe amene wapumanso fumbili ali pachiopsezo chachikulu zedi cha khansa ya m'mapapo.

Matailosi apansi

Ndi maso simungadziwe ngati tailosi lili ndi asibesitosi, pokhapokha litapimidwa ku labotale. Komabe matailosi opyapyala, othetheka msanga, otalika pafupifupi masentimita 23 mbali zonse, okhala ndi guluu wakuda ngati phula kunsi kwake, muziwatenga ngati ali naye.

Ngati akadali omatika, musawachotse. Iyi ndiyo njira yotetezeka komanso yotsika mtengo. Kolopani ndi nsanza yonyowa, kenaka yalani kapeti pamwamba, kapena mmisiri athire simenti yopyapyala yosalazira n'kuika matailosi atsopano. Kapetiyo musaikhome ndi misomali yoboola matailosi, imatireni ndi tepi kapena guluu. Ndipo wodzagula kapena kuchita lendi nyumbayo muuzeni zomwe zili pansipo.

Kuchotsa ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa. Ngati ochepa okha asweka ndipo palibe kuchitira mwina, tulutsani ana, katundu ndi chakudya, tsekani zitseko zopita kuzipinda zina. Nyowetsani pansi ndi madzi a sopo, muzitukula tailosi lililonse lathunthu ndi chitsulo chophwatalala. Hamala, sanipepa ndi makina odulira kapena okhulira zisayandikire. Guluu wakudayo musamupale, mukwirireni ndi simenti. Kusesa pouma ayi. Valani masiki yolembedwa FFP3 yogwira bwino kumaso. Yansalu ija tinkavala nthawi ya Covid-19 sigwira timaulusi timeneti, mpango nawonso n'chimodzimodzi. Mukamaliza, zidutswa, nsanza ndi zovala zogwirira ntchito muziike m'matumba awiri apulasitiki olimba, limodzi m'kati mwa linzake, mumange ndi kulembapo, kenaka mukasambe. Zovalazo musazikung'unthe kapena kupatsa mayi a kunyumba kuti achape.

Denga la lusalite

Malamulo ndi omwewo. Nyowetsani, masulani zomangira, tsitsani lata lathunthu osaliponya. Musayende pamwamba pake, lusalite yokalamba imaboka mwadzidzidzi. Ndere zomera pamenepo musazipale ndi burashi yawaya.

Kumudzi chinthu sititaya msanga, koma apa pokha musaumire. Zidutswa za lusalite si zomangira khola la nkhumba, zoyanikapo ufa, zokwirira maenje a pamsewu kapena zootcherapo chimanga. Pamoto zimathetheka n'kuthovoka. Musazitaye m'munda, m'dimba kapena mumtsinje. Zikuteni ndi pulasitiki pamalo pomwe ana safika, ndipo mukafunse kotayira ku ofesi ya SDPI ya boma lanu, ku Tsangano kapena ku Furancungo.

Amene munagwirapo ntchito yomanga ndi lusalite, kapena ku migodi ya asibesitosi ya ku Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe, ngati muli ndi chifuwa chosatha, kubanika kapena kuwonda, pitani kuchipatala. Zizindikirozi zimafanana ndi za TB, choncho muuzeni dokotala za ntchito imeneyo ngakhale papita zaka zambiri.